Ndemanga pa maphunziro a Chiswahili a pa foni: gawo la nchi, taifa ndi dola

Maphunziro a Chiswahili amene ndikuwaunika pano amaperekedwa ndi aphunzitsi ena a ku Mbeya, kumwera kwa dziko la Tanzania, omwe amaphunzitsa anthu akuluakulu kudzera pa WhatsApp ndi pa Zoom, ndipo ambiri mwa ophunzira awo ndi a m'mayiko oyandikana nawo, amene ntchito kapena malonda zimawafikitsa ku Dar es Salaam kawirikawiri. Maphunzirowa anawagawa m'magawo angapo, kuyambira pa moni ndi manambala mpaka pa kalembedwe ka makalata a ku ofesi, koma ine ndikhazikika pa gawo limodzi lokha, lija la mawu onena za dziko, mtundu ndi boma, chifukwa ndi limene ndinalembetsera ndiponso ndi limene likuonetsa bwino mphamvu ndi zofooka za kaphunzitsidwe kawo. Ntchito yanga ndi yothandiza amalonda kulongosola zikalata za katundu wodutsa pa chipata cha Songwe, ndipo Chiswahili cha pamsika, chonenerera mtengo ndi kufunsira njira, ndinali nacho kale monga alili nacho anthu ambiri a ku Karonga. Chimene chinkandisowa ndi Chiswahili cha m'zikalata za boma ndi cha nkhani za pa wailesi, momwe mawu atatu awa, nchi, taifa ndi dola, amabwera mobwerezabwereza koma aliyense ali ndi malo ake.

Dongosolo lake ndi losavuta kulitsata. Kumayambiriro kwa sabata aphunzitsi amatumiza mauthenga a mawu pamodzi ndi ndime yaifupi yoti tiwerenge, pakati pa sabata timakumana pa Zoom madzulo, ndipo kumapeto aliyense amalemba ziganizo zake n'kutumiza kuti zikonzedwe. Kukonzako amachita okha, chiganizo ndi chiganizo, ndipo sangolemba yankho loyenera koma amafotokozanso chifukwa chimene mawu amene wasankha sakukhalira bwino pamalopo.

Chimene ndikuwayamikira koposa ndi chakuti gawo limeneli sanaliyambe ndi mndandanda wa mawu ndi matanthauzo ake. Mabuku ang'onoang'ono ogulitsidwa m'misewu ndiponso masamba ambiri a pa intaneti amangoika nchi moyang'anizana ndi country, taifa ndi nation, dola ndi state, ndipo wophunzira amaloweza n'kumadziona ngati wamaliza. Aphunzitsiwa anatipatsa ndime ziwiri za malamulo oyendetsera dziko la Tanzania a 1977, omwe m'Chiswahili amati katiba, n'kutiuza kuti tipeze tokha pamene mndandanda wotere ukuthera mphamvu. Ndime yoyamba imati "Tanzania ni nchi moja na ni Jamhuri ya Muungano", ndipo pamenepa palibe chovuta, popeza nchi ndi dziko basi. Koma ndime 33 imatchula pulezidenti kuti Mkuu wa Nchi, Kiongozi wa Serikali ndiponso Amiri Jeshi Mkuu, ndipo udindo woyambawo ndi umene Chingerezi chimautchula kuti Head of State, momwe muli mawu aja oti state. Wotsatira mndandanda akanalemba kuti mkuu wa dola, mawu amene Mtanzania angawamve koma si amene ali m'malamulo ake. Chimodzimodzinso nduna zina za mu ofesi ya pulezidenti ndi ya nduna yaikulu zimatchedwa Waziri wa Nchi, unduna woona za m'dziko ndi Wizara ya Mambo ya Ndani ya Nchi, pamene nyumba ya boma ili ndi dzina lakelake, Ikulu, lopanda nchi kapena dola mkati mwake. Phunziro loyambali linandikhutiritsa kuti aphunzitsi akudziwa chimene akuchita.

Dola anaifotokoza pambuyo pake, ndipo anachita bwino kuichedwetsa, chifukwa ndi mawu amene munthu sawamva kawirikawiri pamsika kapena m'basi pokhapokha akamanena za ndalama ya ku America, yomwe nayonso imatchedwa dola ngakhale magwero ake ndi ena. Dola ya ulamuliro inachokera ku Chiarabu, ndipo imanena za mphamvu yokhazikika yolamulira dziko, imene imatsala ngakhale maboma akusinthana. N'chifukwa chake nthambi zitatu za ulamuliro amazitchula kuti mihimili mitatu ya dola, zomwe ndi serikali, bunge ndi mahakama, kutanthauza boma lolamula, Nyumba ya Malamulo ndi makhoti. Apolisi, asilikali ndi a ndende amawaphatikiza m'mawu oti vyombo vya dola, ndipo munthu akamva mawu amenewa pa nkhani adziwe kuti pali kumanga anthu, kubalalitsa gulu kapena kufufuza mlandu. Andale amati cholinga cha chipani chilichonse ndi kushika dola, kutenga mphamvu yolamulira. Pochulukitsa pamabwera madola, ndipo bungwe la Commonwealth, limene Malawi ndi Tanzania onse ndi mamembala ake, limatchedwa Jumuiya ya Madola, pomwe United Nations ndi Umoja wa Mataifa. Mabungwe awiri onsewa ndi a mayiko odzilamulira, koma lina latenga dola ndipo lina latenga taifa, ndipo aphunzitsi ananena mosabisa kuti apa palibe lamulo loti n'kulitsata, mayinawa ndi ongoyenera kuwadziwa monga alili.

Mtima wa gawo lonseli unali phunziro la Zanzibar, limene linatenga nthawi yaitali kuposa ena onse, ndipo ndikuona kuti linayeneradi kutero. Tanganyika inalandira ufulu wodzilamulira pa 9 December 1961, Zanzibar inalandira wake pa 10 December 1963, ndipo pa 12 January 1964 ufumu wa sultani unagwetsedwa pa zisumbu za Zanzibar. Pa 26 April 1964 mayiko awiriwa anaphatikizana motsogozedwa ndi Julius Nyerere ndi Abeid Amani Karume, ndipo dzina loti Tanzania linabwera m'chaka chomwecho. Mgwirizanowu unasiya maboma awiri: boma la dziko lonse, limene limayendetsanso za kumtunda komwe amati Tanzania Bara, ndi Serikali ya Mapinduzi ya Zanzibar, yomwe ili ndi pulezidenti wake ndi nyumba yake ya malamulo yotchedwa Baraza la Wawakilishi. Funso limene lakhala likuvuta kuyambira kale ndi lakuti kodi Zanzibar ni nchi kapena si nchi. M'chaka cha 2008 nduna yaikulu ya panthawiyo, Mizengo Pinda, inanena m'Nyumba ya Malamulo kuti Zanzibar si nchi, ndipo mawu amenewo anautsa mkangano waukulu pa zisumbu. Patapita zaka ziwiri, mu 2010, Zanzibar inasintha malamulo ake n'kulembamo kuti Zanzibar ni nchi, imodzi mwa nchi ziwiri zopanga Jamhuri ya Muungano wa Tanzania, chikhalirecho ndime yoyamba ya malamulo a dziko lonse ikunenabe kuti Tanzania ni nchi moja.

Aphunzitsi sanatiuze mbali imene ili yolondola, ndipo monga nzika ya dzikolo anasamala kwambiri kalankhulidwe kawo pa nkhaniyi. Chimene anachita ndi kutipempha kuti aliyense alembe ziganizo zofotokoza Zanzibar pogwiritsa ntchito mawu onse anayi, nchi, taifa, dola ndi serikali, kenako n'kuteteza chisankho chake pamaso pa anzake. Pamenepo ndi pamene kusiyana kwa mawuwa kunaonekera poyera. Palibe amene anatsutsa kuti Zanzibar ili ndi serikali. Ambiri anavomereza kuti ingatchedwe nchi m'lingaliro la malo okhala ndi malire ake ndi anthu ake. Pa dola panali kukayika, chifukwa chitetezo, unzika, ndalama ndi ubale ndi mayiko akunja zili m'manja mwa boma la mgwirizano, ndipo Zanzibar ilibe mpando wakewake ku Umoja wa Mataifa. Pa taifa aphunzitsi anatikumbutsa kuti boma limene linakhazikitsidwa pa zisumbuzo pambuyo pa riferendamu ya 31 July 2010 limatchedwa Serikali ya Umoja wa Kitaifa, kutanthauza boma la umodzi wa taifa, ndiponso kuti timu ya mpira ya Zanzibar Heroes imasewera m'mipikisano ya CECAFA, bungwe la mpira la kum'mawa ndi pakati pa Africa, koma si membala wa FIFA, ndipo bungwe la CAF linailandira mu March 2017 n'kubweza chiganizocho mu July chaka chomwecho. Anakhudzanso za komishoni ya Jaji Joseph Warioba, imene mu 2013 inapereka maganizo oti pakhale serikali tatu m'malo mwa ziwiri. Munthu amene wadutsa m'zokambirana zotere sangasokonezenso dola ndi serikali, chifukwa wawaona mawuwo akugwira ntchito pa nkhani imene eni ake amakangana nayo zenizeni.

Kwa ife olankhula Chichewa, mawu ovuta kwenikweni ndi taifa, ndipo vutolo limachokera kwathu komwe kuno. Timati mtundu wa Amalawi, timatinso mtundu wa Achewa, wa Ayao kapena wa Atumbuka, ndipo mawu omwewo timanenera mtundu wa nsalu ndi mtundu wa chimanga. Chiswahili chimalekanitsa zimenezi ndi mawu osiyana: taifa ndi anthu onse a dziko limodzi, kabila ndi mtundu monga Wanyakyusa, Wasukuma kapena Wachagga, aina ndi mtundu wa chinthu, ndipo rangi ndi maonekedwe ake. Kusokoneza taifa ndi kabila ku Tanzania si kulakwitsa kwa galamala chabe, chifukwa dzikolo, lomwe lili ndi mitundu yoposa 120, linamangidwa pa mfundo yoika taifa pamwamba pa kabila, ndipo ukabila, kukondera anthu a mtundu wako, ndi mlandu waukulu pa ndale zawo. Aphunzitsi anafotokoza kuti boma la Nyerere linachotsa mphamvu za mafumu mu 1963, ndipo m'chaka chomwecho linakhazikitsa Jeshi la Kujenga Taifa, gulu la usilikali lomanga taifa, limene limasonkhanitsa achinyamata a zigawo zosiyanasiyana pamalo amodzi. Nyerere mwiniwake amatchedwa Baba wa Taifa, timu ya mpira ya dziko ndi Taifa Stars, ndipo bungwe loyang'anira chilankhulo, lomwe linakhazikitsidwa mu 1967, ndi Baraza la Kiswahili la Taifa, mwachidule BAKITA. Wophunzira wochokera kwathu, kumene magulu a zachikhalidwe a mitundu ali ndi zikondwerero zawo chaka ndi chaka ndipo mafumu amalandira mswahala kuchokera ku boma, ayenera kuzindikira kuti funso loti kabila lako ndi liti silifunsidwa mwachisawawa kwa munthu amene mwangokumana naye ku Dar es Salaam.

Kuchokera pa tsinde lomweli aphunzitsi anationetsa mmene mawu ena amaphukira, ndipo apa kaphunzitsidwe kawo kanali kaukhondo. Kitaifa ndi za dziko lonse, kimataifa ndi za pakati pa mayiko, utaifa ndi kukhala wa taifa lakutilakuti, ndipo kutaifisha ndi kulanda chuma cha anthu kapena makampani kuti chikhale cha dziko, monga zinachitikira mabanki pambuyo pa Azimio la Arusha, mfundo za chuma zimene Nyerere analengeza mu February 1967. Mneni womalizayu ndi wofunika kwa aliyense wogwira ntchito yonga yanga, popeza ndi amene amalembedwanso pamene katundu wogwidwa akulowa mozemba walandidwa ndi boma. Anawonjezerapo pato la taifa, chuma chimene dziko limapanga, deni la taifa, ngongole ya dziko, hifadhi ya taifa, malo osungira nyama zakutchire monga Serengeti, ndi Usalama wa Taifa, nthambi ya akazitape imene dzina lake anthu amalitchula motsitsa mawu. Ku mbali ya nchi kunabwera mwananchi ndi wananchi, eni dziko kapena anthu wamba, komanso nchini, kutanthauza m'dziko muno, nje ya nchi, kunja kwa dziko, ndi nchi jirani, dziko loyandikana nalo.

Serikali anaidutsa mofulumira, ndipo sindikuwadandaula, chifukwa ndi boma basi. Mmalawi angosamala kuti khutu lisamunamize, popeza mawuwa amamveka ngati asilikali, pamene msilikali m'Chiswahili ndi askari kapena mwanajeshi. Wina m'gulu lathu anafunsa za boma lathuli, ndipo aphunzitsi anayankha kuti boma ndi mawu akale a Chiswahili otanthauza mpanda kapena linga, ngakhale khola la ng'ombe, ndipo anafika potanthauza ofesi ya atsamunda chifukwa maofesi oyambawo ankazunguliridwa ndi mpanda. Nkhani ija imene ambiri tinaimva, yakuti boma ndi chidule cha mawu anayi a Chingerezi, anaikana ndithu, ndipo chifukwa chawo n'chomveka, pakuti mawuwo analipo atsamunda a ku Britain asanakhazikitse ulamuliro wawo m'chigawo chino.

Phunziro la mafomu ndi limene linandibwezera ndalama zanga mwachindunji. Aphunzitsi anakonza zitsanzo za mafomu onga a ku Uhamiaji, nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka, ndi a ku forodha, kumene amakhometsa msonkho wa katundu, ndipo tinawadzaza limodzi mzere ndi mzere. Raia ndi nzika, uraia ndi unzika, ndipo ndi umene fomu imafunsa ikafuna kudziwa dziko limene linakupatsa pasipoti. Mahali pa kuzaliwa ndi kumene unabadwira, zomwe sizifanana nthawi zonse ndi uraia, makamaka kwa anthu a m'malire onga a ku Kyela ndi ku Karonga amene mabanja awo ali tsidya lino ndi tsidya lija la mtsinje wa Songwe. Anafotokozanso uraia pacha, kukhala nzika ya mayiko awiri, chinthu chimene Tanzania salola kwa akuluakulu pamene Nyumba ya Malamulo ya kwathu inachivomereza mu 2018. Mpaka, mawu amene ife timawadziwa m'lingaliro la kufikira, m'Chiswahili ali ndi tanthauzo lomwelo komanso ndi malire a dziko, pochulukitsa mipaka, ndipo mpakani ndi pa chipata. Zinthu zotere ndi zimene munthu amakumana nazo ataima pa mzere ku Kasumulu, ndipo kuziyeseza usanafike pawindo kumachotsa manyazi ndi kuchedwa.

Tsopano ndinene zimene sizinandikhutiritse, ndipo choyamba ndi chachikulu. Maphunziro onsewa amadutsira m'Chingerezi, ndipo anakonzedwa ngati kuti wophunzira aliyense sadziwa kuti mayina ali ndi magulu. Aphunzitsi anataya gawo lalikulu la phunziro lina akufotokoza chifukwa chimene timanenera kuti nchi yetu koma taifa letu, nchi zetu koma mataifa yetu, ngati kuti ndi chinthu chachilendo. Kwa Mzungu ndi chachilendodi, koma kwa ife chikanatha m'chiganizo chimodzi: taifa limayenda ngati dziko, popeza timati dziko lathu ndi mayiko athu, pamene nchi imayenda ngati nyumba, nyumba yathu ndi nyumba zathu. Msampha weniweni wa Mmalawi ndi wina, ndipo sanauone. Popeza m'mutu mwathu nchi ndi dziko, lilime limathamangira kunena nchi letu, kapena kuika ma patsogolo pochulukitsa, ndipo anzanga angapo ankabwereza zimenezi sabata ndi sabata, aphunzitsi n'kumangokonza osadziwa gwero lake. Ndiponso dziko lathu limanyamula katundu wambiri kuposa nchi: dziko lapansi ndi dunia kapena ulimwengu, malo olima kapena omangapo ndi ardhi, ndipo kontinenti ndi bara. Aphunzitsi amene ophunzira awo ambiri ndi Amalawi ndi anthu a ku Zambia akanapindula kwambiri kukhala pansi ndi wolankhula Chichewa n'kulemba tsamba limodzi la misampha yotere.

Katchulidwe nako sanakapatse nthawi yokwanira. Chichewa sichisiyanitsa l ndi r monga chimachitira Chiswahili, ndipo mawu a gawo lino adzaza ndi zilembo zimenezi: rais, raia, serikali, jamhuri, uhuru, wilaya, dola. Th wa Chiswahili si th wathu wa mu thumba, ndipo dh wa mu ardhi ndi forodha kapena gh wa mu lugha kwathu kulibe. Nchi ndi mawu a maphatikizo awiri, ndipo mphamvu imagwera pa n woyambayo, chinthu chimene ambiri a ife sitichita mwachibadwa. Mauthenga a mawu amathandiza chifukwa ungawamvere mobwereza, koma pa Zoom gulu limakhala lalikulu moti si aliyense amapeza mpata wolankhula n'kukonzedwa, ndipo amanyazi amatha phunziro lonse ali chete.

Chofooka china ndi chakuti maphunzirowa ndi a Chitanzania kwambiri. Magawo a dzikolo anawaphunzitsa bwino, kuyambira mkoa, wilaya, tarafa, kata mpaka kijiji ndi mtaa, ndipo anatchula kuti mikoa ilipo 31, ya kumtunda 26 ndi ya ku Zanzibar 5, kuphatikizapo mkoa wa Songwe umene unadulidwa ku Mbeya mu 2016. Koma jimbo anangoti ndi dera la phungu, zomwe ndi zoona ku Tanzania, n'kusiya kuti mawu omwewa ndi amene amanenera zigawo za mayiko onga America ndi Nigeria, monga jimbo la Texas, ndiponso dayosizi ya mpingo wa Katolika. Ku Kenya majimbo ndi mawu olemera ndi mbiri, pakuti malamulo amene dzikolo linalandirira ufulu mu 1963 anagawa mphamvu m'zigawo potsatira zofuna za chipani cha KADU, ndipo boma la Jomo Kenyatta linathetsa dongosolo limenelo mu 1964. Malamulo a Kenya a 2010 anabweretsa makaunti 47, ndipo wowerenga nyuzipepala ya Taifa Leo amakumana ndi kaunti ndi gavana tsiku lililonse, mawu amene m'maphunzirowa sanamveke ngakhale kamodzi. Malamulo omwewo amasiyanitsa lugha ya taifa, chilankhulo cha dziko, chomwe ndi Chiswahili, ndi lugha rasmi, zilankhulo zogwirira ntchito za boma, zomwe ndi Chiswahili ndi Chingerezi, ndipo chitsanzo chimenechi chikanakhala choyenera kwambiri pa phunziro la taifa. Za Chiswahili cha kum'mawa kwa DR Congo, chimene chimamveka kwambiri ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa ndipo chili ndi mawu ambiri a Chifalansa pa nkhani za boma, sanakhudzeko konse. Amene akufuna Chiswahili kuti akagwire ntchito ku Dzaleka adziwe kuti apa apeza Chiswahili chovomerezeka cha m'mabuku, chimene chinakhazikitsidwa pa kalankhulidwe ka ku Unguja, chisumbu chachikulu cha Zanzibar, ndipo china chija adzachiphunzira kwa eni ake.

Mayina a mayiko anawapereka ngati mndandanda wongoloweza, ndipo apa mndandanda ndi wokwanira. Ambiri ali ndi u patsogolo, monga Uingereza, Ufaransa, Ujerumani, Urusi ndi Uholanzi, ndipo ochepa ndi amene munthu sangawalote: Msumbiji ndi Mozambique, Misri ndi Egypt, Marekani ndi America, ndipo Ureno ndi Portugal, dzina lochokera ku mawu a Chipwitikizi otanthauza ufumu. Malawi ndi Malawi, munthu wake ndi Mmalawi, ambiri ndi Wamalawi. Nyanja yathu iwo amaitchula Ziwa Nyasa, ndipo aphunzitsi anatchula dzinalo n'kupitirira osalowa m'nkhani ya malire a panyanjapo, chimene ndikuganiza kuti chinali chanzeru m'gulu losakanikirana ngati lathu.

Za malipiro ndi kayendetsedwe, pali zingapo zoti munthu adziwiretu. Mtengo amautchula m'mashilingi a ku Tanzania ndipo amalipiritsa pa gawo lililonse payekhapayekha, zomwe ndi zabwino chifukwa ungasankhe gawo limene ukulifuna osalipira maphunziro onse. Kwa wolandira makwacha mtengowo sukhazikika, ndipo aliyense amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu November 2023 amvetsa chifukwa chake ndikulangiza kulipiriratu gawo lonse m'malo molipira pang'onopang'ono. Pamwamba pa malipirowo pali mabandulo, pakuti kukumana pa kanema kumadya intaneti yambiri, ndipo netiweki ikafooka kapena magetsi akazima phunziro limakudutsa. Aphunzitsi amajambula zokambirana n'kuzitumiza, koma amatumiza kanema wathunthu, pamene mawu okha akanakwanira ndipo akanachepetsa ndalama. Nthawi ya phunziro amailengeza m'mawerengedwe a Chiswahili, momwe maola amayambira kuwerengedwa m'mawa dzuwa likatuluka ndiponso madzulo likalowa, kotero kuti saa mbili usiku ndi 8 koloko usiku ku Tanzania, ndipo popeza iwo ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, kwathu imakhala 7 koloko. Amachita dala kuti tizolowere, koma ophunzira atsopano amasokonezeka, ndipo kulemba nthawi zonse ziwiri m'masabata oyamba sikukanawonongetsa kanthu. Satifiketi imene amapereka pomaliza ndi yawo chabe, si ya sukulu yovomerezeka ndi boma, choncho wofuna pepala lokaonetsa kwa olemba ntchito asadalire limeneli.

Gawo limeneli si la woyamba kumene. Munthu amene sanathe kupanga chiganizo cha Chiswahili adzatayika pa ndime za katiba, ndipo ayambe ndi magawo oyambirira. Koma kwa amalonda ndi othandiza kuombola katundu amene amadalira doko la Dar es Salaam, kwa madalaivala a mathiraki amene amafuna kumva zimene zalembedwa pa chikalata asanasaine, kwa atolankhani otsatira nkhani za ku East Africa, ndiponso kwa ogwira ntchito m'boma amene amapita ku misonkhano ya m'chigawo chino, ndikulilimbikitsa ndi mtima wonse. SADC inavomereza Chiswahili kukhala chilankhulo chake chachinayi chogwirira ntchito pa msonkhano wa ku Dar es Salaam mu August 2019, African Union nayo inachivomereza kukhala chilankhulo chogwirira ntchito mu February 2022, ndipo UNESCO inakhazikitsa 7 July kukhala tsiku lokumbukira Chiswahili padziko lonse, kotero zikalata zolembedwa m'Chiswahili cha boma zizifika m'maofesi athu mochulukirapo. Wolembetsa apemphe aphunzitsi pachiyambi pomwe kuti amutumizire mawu okha m'malo mwa kanema, awauze kuti chilankhulo chake ndi Chichewa kuti asamuchedwetse pa magulu a mayina, ndipo ngati ntchito yake ikukhudza Kenya, apemphe phunziro lapadera la jimbo ndi kaunti, chifukwa m'dongosolo lawo la nthawi zonse mulibe.